Strictly Come Dancing: m'mene mpikisano wa magule wa anthu ochuka unayambira

Pa Ciweru, pa 15 Meyi 2004, wailesi ya kanema ya BBC One ya ku Britain inaonetsa kwa nthawi yoyamba pulogalamu yochedwa Strictly Come Dancing.

Anthu 8 ochuka, omwe nchito yao sinali ya kubvina, anapatsidwa aliyense katswiri wa magule woti amuphunzitse. Sabata ndi sabata iwo anayenera kuonetsa zimene aphunzira pamaso pa oweruza 4 ndi pamaso pa mamiliyoni a oonerera.

Pa nthawiyo magule a mtundu umenewu anali kuonedwa ngati a nkhalamba, ndipo bungwe la BBC lomwelo linali litaleka kuwaonetsa zaka 6 m'mbuyomo. Koma pasanathe miyezi 13, pulogalamuyi inali itafika ku Australia, ku Italy ndi ku America. Kucokera apo yagulitsidwa ku maiko oposa 50, ndipo m'maiko ambiri imadziwika ndi dzina lakuti Dancing with the Stars.

Amene anaiyambitsa sanaipeke yonse m'mutu mwao. Anatenga pulogalamu yakale imene inatayidwa, naiphatikiza ndi njira yatsopano yolola oonerera kuvota, ndi kuonjezapo cinthu cimodzi cimene cinasintha zonse: kusandutsa munthu wochuka kukhala wophunzira.

Magule a m'maholo

Liu lakuti ballroom limatanthauza holo yaikulu yobviniramo. Ndilo dzina limene linapatsidwa magule amene mwamuna ndi mkazi amabvina atagwirana, akuzungulira bwalo motsatira mayendedwe oikika.

Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, magule amenewa anafala kwambiri pakati pa anthu wamba a ku Britain. Holo yochuka ya Hammersmith Palais mu mzinda wa London inatsegulidwa mu 1919, ndipo maholo ena ambiri anatsatira m'mizinda ina. Anyamata ndi atsikana ogwira nchito m'mafakitale ndi m'masitolo anali kukumana m'menemo pa Ciweru madzulo, ndipo maukwati ambiri anayambira m'maholo omwewo.

Mu 1920, mu mzinda wa Blackpool umene uli m'mbali mwa nyanja kumpoto cakumadzulo kwa England, munayamba cikondwerero ca magule cochedwa Blackpool Dance Festival. Mu 1924, bungwe la aphunzitsi a magule la Imperial Society of Teachers of Dancing linakhazikitsa nthambi yoti ilembe malamulo a kabvinidwe, kuti wophunzira wa ku London ndi wa ku Glasgow aziponda phazi mofanana.

Mmodzi mwa olemba malamulowo anali Bambo Victor Silvester, omwe anapata cikho ca dziko lonse mu 1922. Pambuyo pake iwo anakhala mtsogoleri wa bandi, ndipo mu 1948 anayamba kuphunzitsa anthu kubvina kudzera pa kanema wa BBC m'pulogalamu ya Television Dancing Club.

M'kupita kwa nthawi magule a mpikisano anagawidwa m'magulu 2. Gulu loyamba muli waltz, Viennese waltz, tango, foxtrot ndi quickstep. Gulu laciwiri, lochedwa Latin, muli cha-cha-cha, samba, rumba, paso doble ndi jive. Rumba ya m'mipikisano imeneyi ndi gule wapang'onopang'ono wocokera ku Cuba, ndipo ndi wosiyana ndi rumba ya ku Congo imene anthu ambiri m'dziko muno anazolowera.

Magule a ballroom si acilendo kwenikweni ku Zambia. M'zaka za m'ma 1950, m'maholo a m'makomboni a kumigodi munali kucitika mipikisano yake, amuna atabvala masuti ndipo akazi atabvala madiresi aatali.

Come Dancing, kholo la pulogalamuyi

Pa 29 Seputembala 1950, BBC inayamba kuonetsa pulogalamu yochedwa Come Dancing, dzina lotanthauza kuitana munthu kuti adzabvine. Amene anaiyambitsa ndi Bambo Eric Morley a kampani ya Mecca, imene inali ndi maholo ambiri a magule m'dzikomo. A Morley ndi omwenso anayambitsa mpikisano wa ciphadzuwa wa Miss World mu 1951.

Poyamba pulogalamuyi inali kuulutsidwa kucokera m'maholo osiyanasiyana, ndipo akatswiri anali kuonetsa oonerera m'mene gule aliyense amayendera. Mu 1953 inasanduka mpikisano. Zigawo za dziko la Britain zinali kutumiza magulu ao a obvina, ndipo oweruza anali kupereka mapointi kufikira cigawo cimodzi citapambana.

Opikisanawo sanali anthu ochuka. Anali anthu a nchito wamba omwe anali kuyeserera usiku akaweruka, ndipo zobvala zambiri zinali kusokedwa panyumba. Pakati pa oulutsa omwe anatsogolera pulogalamuyi m'zaka zosiyanasiyana panali a Peter West, a Terry Wogan, a David Jacobs, Mai Judith Chalmers ndi Mai Angela Rippon.

Koma dziko linali kusintha. Nyimbo za rock and roll, kenaka za disco, zinaphunzitsa acinyamata kubvina aliyense payekha, osagwirana. Maholo ambiri anatsekedwa, ndipo ena anasanduka malo a masewera a bingo. Come Dancing inayamba kuonetsedwa usiku kwambiri, oonerera anacepa, ndipo anthabwala anali kuiseka kamba ka madiresi ake otukumuka ndi kumwetulira kosatha kwa obvina.

Mu 1998 pulogalamuyi inathetsedwa, itakhala pa kanema zaka pafupifupi 50. A Morley anamwalira mu Novembala 2000, asanaone kuti nchito yao idzaukanso.

Nyengo ya mavoti a pa lamya

M'zaka zomwezo, kanema inalowa m'nyengo yatsopano. Mu 1999 ku Netherlands kunayamba pulogalamu ya Big Brother, m'mene anthu amatsekeredwa m'nyumba imodzi ndipo oonerera amavota kuti ndani acoke. Inafika ku Britain mu 2000. Anthu a ku Zambia amaikumbukira nyengo imeneyi cifukwa ca Cherise Makubale, yemwe mu 2003 anapambana mpikisano woyamba wa Big Brother Africa.

Mu 2001 wailesi ya kanema ya ITV, imene imapikisana ndi BBC, inayamba mpikisano wa oimba wa Pop Idol. Pa tsiku lotsiriza la mpikisanowo, mu Febuluwale 2002, mavoti pafupifupi 9 miliyoni anaponyedwa pa lamya. Caka comweco ITV inabweretsa I'm a Celebrity, Get Me Out of Here, m'mene anthu ochuka amaikidwa m'nkhalango ya ku Australia ndi kupatsidwa mayeso ocititsa manyazi.

Zimenezi zinaika BBC pa mpanipani. Bungweli limayendetsedwa ndi ndalama za laisensi zimene banja lililonse loonera kanema limalipira, motero liyenera kuonetsa kuti likutumikira anthu onse. Ciweru madzulo ndiyo nthawi imene mabanja a ku Britain amakhala pamodzi kuonera kanema, ndipo pa nthawi imeneyo ambiri anali kutsegula ITV. BBC inayesa mpikisano wake wa oimba wochedwa Fame Academy mu 2002 ndi mu 2003, koma sunafike pa kuchuka kwa Pop Idol.

Mai Lorraine Heggessey, mzimai woyamba kutsogolera BBC One, omwe anatenga udindowo mu 2000, anali kufunafuna pulogalamu yoti agogo, makolo ndi ana aonere pamodzi popanda wina kucita manyazi. Iwo sanaope kufufuza m'nkhokwe ya zinthu zakale. Ndi omwenso analamula kuti sewero la Doctor Who, limene linaleka mu 1989, liyambenso.

Ganizo libadwa

Ganizo loukitsa Come Dancing linaperekedwa mu 2003 ndi Mai Fenia Vardanis, omwe anali kugwira nchito m'nthambi ya zosangalatsa ya BBC pansi pa Mai Jane Lush. Iwo anati pulogalamu yakaleyo ibwezeretsedwe, koma obvina akhale anthu ochuka.

Nchito yosandutsa ganizolo kukhala pulogalamu inagwera Bambo Richard Hopkins ndi Mai Karen Smith. A Hopkins anali atagwirapo kale nchito pa mapulogalamu a mavoti, motero anali kudziwa zimene zimakoka oonerera kuti abwerenso sabata yamawa. Anthu 3 amenewa, a Vardanis, a Hopkins ndi a Smith, ndiwo amalembedwa monga oyambitsa pulogalamuyi.

Bvuto loyamba linali loonekeratu. Anthu ochuka awiri osadziwa gule sangapange cinthu coti munthu aonere kwa ola lathunthu. Yankho lake linali kuphatikiza wochuka aliyense ndi katswiri weniweni wa m'mipikisano, monga momwe zinali kucitikira kale m'masewera ena a golf. Katswiriyo anakhala mphunzitsi, wokonza mayendedwe a gule, ndiponso mnzake wobvina naye.

Apa ndi pamene panagona mphamvu ya pulogalamuyi. Munthu amene dziko lonse limamudziwa, wozolowera kulemekezedwa, anayenera kumvera malangizo a munthu amene panthawiyo sanali kudziwika kunja kwa maholo a magule. Oonerera anali kuona zithunzi za m'cipinda coyeserera: thukuta, kupunthwa, kukhumudwa, ndi tsiku limene phazi linayamba kumvera. Mapulogalamu ena anali kusangalatsa anthu mwa kutsitsa munthu wochuka. Iyi inawasangalatsa mwa kumuonetsa akuphunzira luso lobvuta.

Si onse anakhulupirira kuti zidzayenda. Ena m'bungwe lomwelo anaona ngati ndi kubwerera m'mbuyo, ndipo akatswiri ena a magule anaopa kuti colinga cinali kuseka luso lao. Anthu ochuka ambiri omwe anapemphedwa anakana.

Kumene dzina linacokera

Pa nthawi yokonzekera, pulogalamuyi inali kuchedwa Pro-Celebrity Dancing. Dzina limene linasankhidwa potsiriza linalumikiza maina awiri. Mbali yotsiriza ndi ya pulogalamu yakale ija, Come Dancing. Liu loyamba linatengedwa ku filimu ya ku Australia ya mu 1992 yochedwa Strictly Ballroom, yokonzedwa ndi Bambo Baz Luhrmann.

Filimuyo imasimba za mnyamata wodziwa gule amene anakana kutsatira mayendedwe olamulidwa ndi akuluakulu a mpikisano, nasankha kubvina ndi mtsikana yemwe anali wophunzira cabe. Inaseka zobvala zonyezimira ndi mikangano ya m'maholo, koma inacita zimenezi mwacikondi, ndipo inaonetsa kuti magule a ballroom angakope acinyamata. Mzimu umenewo, woseka pang'ono koma wolemekeza luso, ndi umene okonza a ku BBC anafuna.

Otsogolera ndi oweruza

Kuti atsogolere pulogalamuyi, BBC inasankha Bambo Bruce Forsyth, omwe anali ndi zaka 76. Iwo anayamba kusangalatsa anthu pa nsanja ali ndi zaka 14, anali oimba, obvina ndi anthabwala, ndipo anachuka ndi mapulogalamu a Sunday Night at the London Palladium kuyambira mu 1958 ndi The Generation Game kuyambira mu 1971. Kwa oonerera acikulire, nkhope yao inali citsimikizo cakuti pulogalamuyi ndi ya banja lonse. Anawaphatikiza ndi Mai Tess Daly, omwe anali kudziwika pakati pa acinyamata, ndipo nchito yao inali kuceza ndi opikisana akangocoka m'bwalo.

Oweruza anasankhidwa kuti asafanane. Mkulu wao anali Bambo Len Goodman, a zaka 60, omwe paunyamata anagwira nchito yowocherera zitsulo pamalo okonzera zombo. Iwo anayamba kubvina ali ndi zaka 19, dokotala atawalangiza kutero kuti phazi limene anabvulala lilimbe, ndipo pambuyo pake anatsegula sukulu ya magule ku Dartford. Ndiwo anali mlonda wa malamulo a ballroom.

Mai Arlene Phillips anali wokonza magule a m'masewero akuluakulu a pa nsanja. Bambo Bruno Tonioli, mbadwa ya ku Italy, anali atakonza magule a oimba ochuka, ndipo anadziwika ndi kuweruza ataimirira, manja ali m'mwamba. Bambo Craig Revel Horwood, a ku Australia, anatenga mbali ya woweruza wouma mtima, woumira pa mapointi.

Nyimbo zinali kuimbidwa ndi bandi pompo, osati kucokera pa tepi, ndipo pulogalamu yonse inali kuulutsidwa pa nthawi yomwe inali kucitika. Wophonya phazi analibe mwai wobwereza.

Kagawidwe ka mphamvu

Woweruza aliyense amapereka mapointi kuyambira 1 kufika 10, motero mapointi apamwamba kwa oweruza 4 ndi 40. Opikisana amandandalikidwa kuyambira wapamwamba kufikira wapansi. Kenaka oonerera amavota, poyamba pa lamya ndipo m'zaka za pambuyo pake pa intaneti, ndipo mavoti ao amapanga mndandanda waciwiri. Mindandanda iwiriyi imaphatikizidwa, uliwonse uli ndi theka la mphamvu. M'mpikisano woyamba, awiri amene anathera pansi anali kucotsedwa pomwepo. Pa tsiku lotsiriza, mavoti a oonerera okha ndiwo amasankha wopambana.

Kugawa mphamvu motere kunabala mkangano umene sunathe. Oweruza amayang'ana luso, pamene oonerera amavotera munthu amene amukonda, kapena amene amumvera cisoni. Mu 2007 BBC inaonjeza lamulo lakuti awiriawiri a pansi penipeni abvinenso, ndipo oweruza asankhe wotsala.

Lamulolo silinathetse nkhaniyo. Mu 2008 Bambo John Sergeant, mtolankhani wa za ndale wa zaka 64, anali kuthera pansi pa mndandanda wa oweruza, koma oonerera anali kuwapulumutsa sabata iliyonse. Mu Novembala caka comweco iwo anadzicotsa okha mu mpikisano, nafotokoza kuti panali ciopsezo cakuti angapambane.

Mpikisano woyamba

Opikisana 8 oyamba anali wowerenga nkhani Natasha Kaplinsky, ocita masewero Christopher Parker, Claire Sweeney ndi Verona Joseph, woimba nyimbo za opera Lesley Garrett, katswiri wa mpira wa rugby Martin Offiah, wanthabwala Jason Wood, ndi David Dickinson, wodziwa malonda a katundu wamakedzana. Pulogalamuyi inali kuulutsidwa kucokera ku BBC Television Centre mu London, ndipo ndalama zocokera ku mavoti zinali kupita ku nchito zothandiza obvutika.

Mai Kaplinsky, omwe anakulira ku Kenya ali mwana ndipo bambo ao anabadwira ku South Africa, anali kuwerenga nkhani za m'mawa pa BBC. Iwo anaulula pambuyo pake kuti sanafune kulowa mpikisanowo, poopa kuti anthu adzaleka kuwakhulupirira monga mtolankhani. Anaphatikizidwa ndi Brendan Cole wa ku New Zealand, ndipo posacedwa anaoneka kuti ndiwo anali patsogolo.

Kumbali ina kunali Christopher Parker, mnyamata wa m'sewero la EastEnders. Oweruza anali kumupatsa mapointi ocepa sabata ndi sabata, koma mavoti a oonerera anamufikitsa mpaka pa tsiku lotsiriza. Motero mkangano wa pakati pa luso ndi cikondi ca anthu unayamba mu mpikisano woyamba weniweniwo.

Mpikisanowo unatha pa 3 Julayi 2004. Mai Kaplinsky ndi a Cole ndiwo anatenga cikho, cimene cili ngati mpira wokutidwa ndi timagalasi tonyezimira. Oonerera, omwe pa tsiku loyamba anali oposa 4 miliyoni, anapitirira 9 miliyoni pa tsiku lotsiriza.

BBC sinadikire caka. Mpikisano waciwiri unayamba mu Okutobala 2004, ndipo unalimbana maso ndi maso ndi pulogalamu yatsopano ya ITV yochedwa The X Factor. Wopambana anali wocita masewero Jill Halfpenny, yemwe anakhala woyamba kupata mapointi onse 40, pa gule wa jive. Mu 2005 ndi mu 2006 cikho cinapita kwa akatswiri a cricket, Darren Gough ndi Mark Ramprakash, zimene zinathandiza kucotsa maganizo akuti gule wotere si wa amuna.

Kufalikira m'maiko ena

Cimene BBC inagulitsa kunja si zithunzi za mpikisano wa ku London, koma dongosolo lake: malamulo, kapangidwe ka bwalo, kaperekedwe ka mapointi ndi malangizo a kakonzedwe. Wailesi ya kanema imene yagula imalipira nthambi ya malonda ya BBC, kenaka imafuna anthu ake ochuka, akatswiri ake ndi oweruza ake.

Popeza dzina la Come Dancing silinali kudziwika kunja kwa Britain, panafunika dzina lina. Dziko loyamba kugula linali Australia, kumene wailesi ya Seven Network inayamba kuonetsa Dancing with the Stars mu Okutobala 2004. Mmodzi mwa oweruza kumeneko anali Paul Mercurio, yemwe anasewera mbali ya mnyamata uja mu filimu ya Strictly Ballroom, ndipo Sonia Kruger, yemwe analinso mu filimuyo, anali mmodzi mwa otsogolera. Ku Italy pulogalamuyi inayamba mu Januwale 2005 ndi dzina lakuti Ballando con le stelle.

Ku America wailesi ya ABC inaiyamba pa 1 Juni 2005, ndi opikisana 6 okha, mmodzi mwa iwo katswiri wa nkhonya Evander Holyfield. A Goodman ndi a Tonioli anakhala oweruza kumenekonso, pamodzi ndi Mai Carrie Ann Inaba, ndipo kwa zaka zambiri amuna awiriwa anali kuuluka pakati pa London ndi Los Angeles sabata iliyonse. Wopambana woyamba anali Kelly Monaco. Oonerera ambiri anadandaula kuti woyenera anali John O'Hurley, kufikira ABC inakonza kuti awiriwo abvinenso mu Seputembala caka comweco, ndipo ulendo uwu O'Hurley ndiye anapambana.

Germany ndi India anatsatira mu 2006. Mu 2010 buku la Guinness World Records linalemba pulogalamuyi monga dongosolo lopambana onse pa mapulogalamu a mtundu wake.

Mbali ya South Africa

Kumwera kwa Africa, pulogalamuyi inafika mu 2006, pamene wailesi ya SABC2 inayamba kuionetsa ndi dzina lake la ku Britain. Wopambana woyamba anali muulutsi Zuraida Jardine, ndipo mu 2007 cikho cinapita kwa woimba Hip Hop Pantsula, wodziwika ndi dzina lakuti HHP. Pambuyo pake inasamukira ku SABC3, ndipo mu 2018 wailesi ya M-Net inaionetsa monga Dancing with the Stars.

Dziko la South Africa, kumene magule a ballroom ndi a Latin amaphunzitsidwa m'makomboni ambiri, linatumizanso akatswiri ku pulogalamu ya ku London. Oti Mabuse, wobadwira ku Pretoria, analowa mu 2015, napambana mu 2019 ndi Kelvin Fletcher ndiponso mu 2020 ndi wanthabwala Bill Bailey. Anakhala katswiri woyamba kutenga cikho zaka 2 zotsatizana, ndipo anacoka mu 2022. Mkulu wake, Motsi Mabuse, yemwe anali kale woweruza ku Germany, anakhala woweruza ku London mu 2019. Johannes Radebe wa ku Sasolburg analowa m'gulu la akatswiri mu 2018.

Zimene zasintha

Mwa anthu 6 amene anaonekera monga otsogolera ndi oweruza mu Meyi 2004, ambiri anacoka. Mai Phillips anacotsedwa mu 2009 ali ndi zaka 66, ndipo m'malo mwao munalowa Alesha Dixon wa zaka 30, zimene zinautsa madandaulo akuti BBC ikusala azimai acikulire. A Forsyth anasiya mu 2014 namwalira mu 2017. A Goodman anasiya mu 2016 namwalira mu 2023, ndipo udindo wa mkulu wa oweruza unapita kwa Mai Shirley Ballas mu 2017. A Hopkins, mmodzi mwa oyambitsa, anamwalira mu 2012 ali ndi zaka 47. Mu Okutobala 2025, Mai Daly ndi Mai Claudia Winkleman, omwe analowa m'malo mwa a Forsyth, analengeza kuti adzasiya ukatha mpikisano wa caka cimeneco. A Revel Horwood okha ndiwo anaweruza m'mipikisano yonse kuyambira 2004 kufika 2025.

Khomo la opikisana linakula. Mu 2021 anapambana Rose Ayling-Ellis, yemwe samva, mu 2022 Hamza Yassin, wojambula nyama zakuthengo wobadwira ku Sudan, ndipo mu 2024 wanthabwala Chris McCausland, yemwe saona.

Ubale wa mphunzitsi ndi wophunzira, umene unali mphamvu ya pulogalamuyi kuyambira pa ciyambi, ndi umenenso unabweretsa mayeso ake akulu. Mu 2024 opikisana ena akale anadandaula za nkhanza m'zipinda zoyeserera. BBC inacita kafukufuku, inapepesa pa madandaulo ena, ndipo inalamula kuti wanchito wake azikhalapo nthawi zonse pamene awiri akuyeserera.

Dongosolo lenileni, la wochuka mmodzi, katswiri mmodzi, mapointi a oweruza ndi mavoti a anthu, latsala monga linakonzedwera mu 2004. Ulendo wa ku Blackpool unakhalanso mwambo, ndipo opikisana amauona ngati cizindikiro cakuti afika patali.

Mu 2023 Mai Angela Rippon, omwe anatsogolera Come Dancing kuyambira 1988 kufika 1991, analowa mu Strictly Come Dancing monga wopikisana ali ndi zaka pafupifupi 79, ndipo anakhala wamkulu koposa onse amene anayesapo kufikira nthawiyo. Anafika sabata ya 9, ndipo gule wao wotsiriza anabvinira m'holo ya Tower Ballroom, momwe pulogalamu yakale ija inali kujambulidwira nthawi zina.